Ameni wa Amalume

Amalume anga, alongo awo a mayi, anayamba kugontha pang'onopang'ono tsitsi litayamba kuyera. Anali mlimi wa kabichi ndi kachewere kumapiri a Biriwiri, munthu wamtali, wonyada, wosafuna kuti anthu adziwe kuti pali chimene chikumukanika. Poyamba ankati ana amakono timayankhulira m'mphuno. Kenako anati wailesi yawo yatha mphamvu, n'kugula ina, nayonso n'kupezeka yopanda mphamvu. Pofika chaka chimene ndikunenachi, unkachita kuwaimira kutsogolo, kuwagwira paphewa, n'kukuwa ngati ukuitana munthu wa kutsidya kwa dambo. Yankho lawo linali limodzi: "Ukuti chiyani?"

Amene ndinawatengera kwa mneneri ndine, ndisanamizire wina. Nthawi imeneyo ndinali nditasiya tchalitchi cha makolo n'kulowa mpingo wa mneneri wina amene anadzakhoma tenti yoyera pabwalo la mpira, pafupi ndi msewu waukulu. Tinkamutchula kuti Papa, ngakhale anali wamng'ono kwa ine. Ankavala suti yonyezimira ndi nsapato zosongoka, ndipo pambuyo pake pankayenda bambo wandevu amene ntchito yake yonse inali kunyamula thaulo. Ine ndinapatsidwa udindo wowakha anthu akamagwa ndi kufunditsa azimayi chitenje m'miyendo. Ndinkaigwira ndi mtima wonse. Banja langa linali litayamba kugwedera, amuna anga akumapita kukagulitsa mbatatesi n'kubwerako patapita masiku atatu, ndipo ndinkaganiza kuti ndikawakha anthu ambiri, kumwamba andiona.

Lamlungu lina masana ndinawakoka amalume mpaka kutsogolo. Papa anaviika zala m'mafuta, n'kuzilowetsa m'makutu mwawo, n'kugwedeza mutu wawo uku ndi uku ngati akuyesa dzungu. Analamula mzimu wa ugonthi kuti utuluke, katatu konse. Ine ndinali kumbuyo, manja nditatambasula. Papa anawakankha pachipumi, koma munthu amene wakulira kusenza matumba a kachewere sagwa ndi chala. Anangoima njii. Papa anazungulira kumbuyo kwawo n'kuliza zala pafupi ndi khutu. Amalume anali kuyang'ana denga la tenti. Kenako Papa anabwera kutsogolo, n'kufunsa pa chimkuzamawu:

"Bambo, mukundimva?"

Amalume anayang'ana pakamwa pake n'kunena kuti, "Mukuti chiyani?"

Papa anadumpha. "Mwamva zimenezo? Adziwa bwanji kuti ndayankhula? Amva!"

Kiyibodi inalira, nthungululu zinadzaza tenti, wina akujambula pa foni. Ine ndinalira misozi yeniyeni. Pobwerera, ndikuyenda pambuyo pawo m'kanjira kokwera phiri, ndinawaitana bwinobwino kawiri. Sanatembenuke. Ndinadziuza kuti ndi mphepo.

Kumpingo anatiphunzitsa kuti matenda amabwerera kudzera mwa munthu wokayika. Kuwakuwira amalume kunali kusonyeza kuti sukukhulupirira, ndipo ugonthi ukabwerera, mlandu ukhala wako. Choncho pakhomo ponse tinasiya kukuwa. Akazi awo ankawayankhula motsitsa ngati ali pamaliro, kenako n'kuwalozera ndi chala mobisa kuti madzi osamba ali kubafa.

Amalume eni akewo zinawakomera. Anapatsidwa shati yoyera, ankakhala pampando wakutsogolo, ndipo anakwezedwa pa lole mpaka ku Champiti kukaima pamaso pa anthu ngati umboni. Munthu amene kwa zaka zambiri ankangodutsidwa pa nkhani, tsopano aliyense ankamupatsa moni wa manja awiri. Anapezanso mawu oyankhira chilichonse popanda kufunsa kawiri. Munthu akatsegula pakamwa, iwo ankadikira kuti atseke, n'kunena kuti, "Ameni." Mayi wina woyandikana nawo anabwera akuthamanga kudzawauza kuti mbuzi zalowa m'dimba la kabichi. Anati, "Ameni." Tinaseka, koma mobisa, poopa kubweza chiwanda.

Ine ndinasiya kuseka patapita miyezi itatu. Zinadziwika kuti amuna anga ali ndi mkazi wina kumsika, ndipo mkaziyo ndi woyembekezera. Nkhani inapita kwa ankhoswe, ndipo nkhoswe wanga anali amalume. Tinakhala m'mawa wina pansi pa mtengo wa mapichesi kuseri kwa nyumba yathu. Nkhoswe wa kuchimuna anali bambo wofatsa, wa mpingo wathu womwewo, woyankhula motsitsa mwachibadwa. Tsiku limenelo anatsitsiratu.

Anati mwana wawo walakwadi, koma cholakwacho chili ndi poyambira. Mkazi amakhalira ku tenti kuyambira Lachitatu mpaka Lamlungu, kuwakha amuna a eni, wake akugwa yekha kunyumba. Anati chanzeru n'chakuti ine ndipepese, ndivomere mitala, ndipo munda wa kumtunda ugawidwe pakati kuti mnzangayo apeze polima. Atamaliza anayang'ana amalume.

Amalume anagwedeza mutu mwaulemu. "Ameni."

"Ndiye kuti akuchikazi mwavomera?"

"Ameni, ameni."

Ndinayesa kuyankhula, koma bambo uja anandiuza kuti nkhoswe wanga wayankhula kale, ine ndisanyoze akuluakulu. Amuna anga ankangokanda pansi ndi kamtengo. Ndinadzuka, n'kuwagwira amalume paphewa, n'kukuwira m'khutu mwawo koyamba chichokereni ku tenti kuja.

"Amalume, mwandipereka ku mitala!"

Anandiyang'ana modabwa, kenako anayang'ana alendo aja, n'kumwetulira ngati munthu amene mwana wake wamuchititsa manyazi pagulu. Sanamve ngakhale liwu limodzi.

Ndinapita kwa Papa ndi nkhaniyo. Anandimvetsera akuyang'ana foni, kenako anati vuto ndine. Kukuwa kwanga n'kumene kwatsegulira chiwanda khomo, ndipo ndisale kudya masiku asanu ndi awiri. Ndinasala awiri. Tsiku lachitatu njala inandibwezera nzeru zimene ndinazisiya pakhomo la tenti. Ndinadya, n'kuitana njinga yamoto, n'kuwauza amalume ndi manja kuti tikupita kukayezetsa magazi ku chipatala cha mishoni ku Nzama.

Adokotala ake anali mayi wachikulire wosachedwa ndi nkhani. Anaunika m'makutu ndi katochi, n'kufunsa kuti takhala tikuthiramo chiyani. Ndinati mafuta odzozedwa. Anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi. Anatipatsa mankhwala odontheza n'kutiuza kuti tibwerenso sabata yotsatira. Titabwerera anatenga jekeseni wamkulu wopanda singano, n'kupopera madzi ofunda m'khutu lakumanja. M'kambale munagwa chinthu chakuda, cholimba, chachikulu ngati njere ya nyemba. Anati ndi phula la m'khutu la zaka zambiri, lopanikizidwa ndi mitengo ya machesi. Khutu lakumanzere anati linafa ndi ukalamba, ndipo palibe chimene angachite.

Ndinafunsa mokweza ngati akumva bwanji. Amalume anadzidzimuka n'kugwira khutu.

"Mwanawe, ukukuwiranji m'chipatala?"

Pobwerera tinatsika njinga patali n'kuyenda pansi, ndipo ndinawafotokozera zonse zimene anavomera pansi pa mtengo uja. Kenako anati, "Munda wa kumtunda umenewo anauswa ndi agogo ako." M'mawa mwake anavala jekete n'kupita kwa nkhoswe mnzawo kukanena kuti mlandu uyambirenso, chifukwa amene anavomera tsiku lija anali wogontha. Bambo wofatsa uja anatulutsa foni n'kuwaonetsa kanema wa ku tenti.

"Si inu awa, achimwene? Mukufuna kunena kuti munanamiza Mulungu, kapena munanamiza ife?"

Amalume anati ananamiza onse, ndipo munda sugawidwa. Nkhaniyo inakoka miyezi, koma munda unatsala. Banja ndiye linatha. Mitala ndinaikana, amuna anga ananyamula zovala zawo n'kupita kumsika kuja, ndipo ndimamva kuti nakonso amachokako masiku atatuatatu.

Papa atamva kuti amalume akumva, analengeza Lamlungu lotsatira kuti machiritso afika pachimake. Anati chiwanda chinafera m'khutu tsiku lomwe anachipempherera, ndipo chimene achipatala anatulutsa ndi mtembo wake chabe. Anthu anaimba nthungululu. Adokotala aja palibe amene anawaimbira.

Anthu akamandifunsa ngati machiritso a m'mapemphero ali enieni, sindikhala ndi yankho lalikulu. Ndimapempherabe, ndipo pabenchi la ku Nzama paja ndinapemphera kwambiri. Chimene ndikudziwa n'chimene ndinaona chaka chonse ndikuwakha anthu: ambiri asanagwe ankayamba acheuka kaye kuti aone ngati ndilipo. Amene ankachira m'tenti muja anali a mutu, a msana ndi a maloto oipa. Bambo wina wopuwala mwendo ankabwera pa wilibala Lamlungu lililonse, ndipo ankabwereranso pa wilibala, atauzidwa kuti chikhulupiriro chake n'chochepa.

Amalume anapitako kamodzi kokha khutu litatseguka. Anati akufuna akamve munthu amene akhala akumuvomereza miyezi yonseyi. Ndinawaperekeza, ndipo tinakhala kumbuyo. Anatchera khutu lakumanja, dzanja atalipinda kuseri kwake, n'kumvetsera Papa akulonjeza magalimoto, maulendo a pandege ndi imfa za adani. Patapita kanthawi anandikodola.

"Kodi masiku onsewa amanena zomwezi?"

"Zomwezi, amalume."

"Ine ndimayesa amawerenga Baibulo."

Anatola chipewa chawo n'kutuluka ulaliki uli pakati. Anati dzuwa likadalipo, akapopere kabichi.