Malenzi a M'botolo la Acha

Pofika sikisi koloko m'mawa, a Sarbani Dutta anali akukazinga kale timibulu toyamwa chinyezi pachiwaya. Timibuluti tikakhuta madzi timasanduka tapinki, ndipo amatitakasa pamoto wochepa mpaka tibwerere ku buluu. Akatero amatithira m'mabotolo akuluakulu omwe kale munkakhala acha wa mango, momwe mumagona malenzi a amuna awo. Kuno ku Kolkata, nyengo ya mvula, nkhungu imamera ndi m'kati mwa galasi momwe.

Amuna awo, a Tapan, amajambula maukwati. Kamera ndi yamakono, koma malenzi ndi achitsulo, akale kuposa banja lawo, ena a ku Russia, ena a ku Japan, omangidwa kukamera ndi kamphete kolumikizira. Malenzi oterewa salunjika okha. Munthu amapotoza mkombero ndi zala mpaka diso la wojambulidwa lioneke bwino. Anthu amakonda kufewa kwa nkhope pazithunzizo, amati a Tapan ali ndi dzanja. Za chiwaya sadziwa. Sadziwanso kuti dzuwa likangoboola mitambo, a Sarbani amakwera padenga kukayanika malenzi pambali pa tsabola, ndipo asanawabwezere amayesa iliyonse pojambula akhwangwala, kuti amve ngati mkombero sunaume mafuta. Sadandaula. Amati padenga ndi pokhapo pomwe palibe amawafunsa komwe kuli masokosi.

M'mawa umenewo a Tapan anabwera pa tiyi ali ndwii. Pazithunzi za ukwati wa sabata yatha, maluwa a kumbuyo anatuluka bwinobwino, koma nkhope zili mbuu.

"Mukumva?" anatero a Sarbani, poti dzina la mwamuna satchula. "Vuto si lenzi. Ndinaiyesa dzulo."

"Ndiye ndi akwatiwo. Ana a masiku ano amagwedera ngati ali m'tramu, sitima ya mumsewu ija."

"Ndi ng'ala yanuyo, bambo a Piku. Opaleshoni ndi mvula ikatha, koma ukwati wa mwana wa a Ghosh ndi Loweruka."

Onse awiri ankaganiza za kamphindi kamodzi. Alongo a mkwatibwi amamunyamula pakampando kathabwa kuzungulira mkwati, iye ataphimba kumaso ndi masamba awiri otafuna otchedwa paani, kenako amatsitsa masambawo n'kuyang'anana ndi mwamuna wake. Sizibwerezedwa. Chithunzi chimenecho chikaipa, a Ghosh ndi abale awo onse odzaza msewu uno sadzaitananso a Tapan.

"Ndikabwereka lenzi yolunjika yokha," a Tapan anang'ung'udza.

"A Ghosh anakusankhani chifukwa cha nkhope zofewa zija. Inu mukajambule magulu, anthu oima chilili ngati mizati. Za masamba mundisiyire."

A Tapan anaseka mpaka tiyi kuwatsamwa. "Inu? Mkwatibwi si khwangwala!"

"Zoona. Mkwatibwi sauluka."

Bamboyo anaviika bisiketi mpaka inaduka n'kumira m'kapu. Anakhala akuiyang'ana. Kenako anadzuka, anatsegula botolo, n'kutulutsa lenzi yolemera ya ku Russia, yomwe salola ngakhale mwana wawo kuigwira. Anaiika pafupi ndi mbale ya akazi awo.

"Chakumapeto mkombero umalimba," anatero.

"Ndikudziwa."

A Sarbani anatsuka makapu, ananyika mpunga, n'kukwera padenga kamera ili m'khosi. Anapeza a Jhuma, a nyumba yoyandikana, akuyanika masari, nsalu zawo zovala.

"Achemwali, lero mukuyanika ndi kamera yomwe?" anafuula a Jhuma.

"Ikufuna mkwatibwi. Ndasankha inu."

"Ine, ndi mawondo angawa? Mkwati wake ndani?"

"Mlongoti wa chingwe cha zovalawo. Saliza mkonono, safunsa tiyi."

A Jhuma anaseka mpaka kugwetsa zopanira zovala.

"Chonde, achemwali," anatero a Sarbani, "mukamaliza kuyanika mutenge masamba awiri a paani m'khitchini mwanu. Muphimbe kumaso, muzizungulira mlongotiwo pang'onopang'ono, mutsitse pomwe mwafunira. Koma musandiuze."