Kanyumba kabuluu ka a Casimiro

A Casimiro Tarqui anamanga nyumba zambiri mu La Paz kuposa mmisiri wina aliyense, koma panalibe ndi imodzi yomwe imene mbewa ikanagonamo motambasula miyendo. Zonse zinali za mapepala. Anayamba ali mwana kudula makatoni a nsapato, ndipo imvi zinawapeza sizasi ili m'manja, lilime lili panja ngati mwana wophunzira kulemba. Ntchito yawo yeniyeni inali yong'amba matikiti pa depoti ya mabasi. Ngakhale kumeneko ankatola matikiti otayidwa kuti akawasandutse malata.

Akazi awo, a Bonifacia, ankagulitsa api, chakumwa chotentha cha chimanga, pamsika. Kuyambira pamene anakwatirana ankakhala m'chipinda chimodzi cha lendi pamwamba pa phiri, ndipo tinyumbato tinalanda malo onse. Anthu ankadyera pamaondo chifukwa patebulo panali tchalitchi chosauma guluu. Denga likayamba kudontha, bambo wapanyumba ankatenga bulangete pabedi n'kufunditsa tinyumba take, mkazi n'kumanyowa.

Mwa tinyumbato panali kamodzi kabuluu, kosanja, kokhala ndi khonde lamaluwa. Kameneka a Casimiro anakayamba ali pachibwenzi, n'kunena kuti, "Iyi ndi yathu, Boni." Mtsikana wa eni ake anayesa akulonjezedwa nyumba. Chikondi chimapusitsa ndithu.

Chaka chilichonse pa tsiku la Alasita, mzinda wonse umanyamula tizifanizo ta zinthu zimene anthu akulakalaka, kagalimoto, kasitolo, kasutikesi, kupita nato kwa yatiri, sing'anga wa kumeneko, kuti atifukize ndi kutiwaza mowa dzuwa lili paliwombo. Aliyense amadziwa kuti kamphatso ndi kamene kamayankha, osati kodzigulira wekha. Choncho a Bonifacia ankapempha chinthu chimodzi chokha.

"Bambo, ndipatseniko kabuluu kaja akakadalitse."

"Mowa pa pepala? Mutu wanu ukuyenda bwino, mayi? Utsi udetsa makoma. Izi si zidole zapamsika."

"Nanga makoma a ife ali kuti?"

"Musandisokoneze, ndikumata zenera."

Anzawo apamsika, amene amuna awo zidakwa anawapatsa tinyumba tadothi topindika, anali atamanga kale kumzinda wa El Alto, nyumba za njerwa zokhala ndi agalu pageti. A Bonifacia anali ndi nyumba yokongola kuposa onsewo, koma sankaloledwa ngakhale kuipukuta fumbi.

Kenako eni nyumba ya lendiyo anaigulitsa, n'kuuza banjali kuti lisamuke. A Casimiro sanafunse kuti akagona kuti. Anafunsa kumene angapeze makatoni olimba olongedzamo chuma chawo. Apa m'pamene mtima wa a Bonifacia unatheratu. Alasita itafika, anadikira mwamuna apite kudepoti, n'kukulunga kabuluu kaja m'nsalu yoberekera ndi kutsika nako phiri. Ankadziwa kuti chakuba si mphatso, koma anadzilimbitsa mtima kuti anapatsidwa kalekale pakamwa.

Yatiri wake anali mkulu wa chipewa chaubweya, atakhala pambali pa mbaula yofuka. Anakazunguliza kanyumbako m'manja.

"Aa, mayi, iyi ndiye ntchito! Ndi mipope yamvula yomwe ilipo."

Ananyamula denga kuti utsi ulowe mkati, chinthu chimene a Bonifacia anali asanachiyerekezepo. Anasuzumira, n'kutsitsa mawu.

"Pepani, mayi. Bambo anatisiya liti?"

"Ali moyo, akudya bwinobwino. Bwanji?"

"Ndaona kuti mwakonza za munthu mmodzi."

A Bonifacia anasuzumira nawo. Mkati munali mokonzedwa mwaluso lochititsa mantha. Kabedi kopapatiza, kampando kamodzi, kakapu kamodzi. Pafupi ndi zenera panali tebulo lalikulu, ndipo patebulopo kasizasi kochepa ngati njere ya mpunga. Khitchini munalibe.

Sanalire. Anangonyansidwa, ndi mwamunayo komanso ndi iwo eni, amene anakalamba akupempha kulowa m'nyumba yopanda malo awo.

Yatiri anatsegula botolo la mowa, n'kuphimba kukamwa kwake ndi chala.

"Ndingowaza pang'ono, pepala lingawonongeke."

"Chotsani chalacho, bambo, thirani botolo lonse," anatero a Bonifacia. "Ine ndanyowa mokwanira. Nayo inyoweko."