Mesitiri wa ku Cuamba wandisandutsa wakuba galimoto ya bambo anga

Galimoto ya bambo anga ili kupolisi ku Cuamba lero tsiku lachinayi. Chifukwa chake? Mesitiri, makanika wa pa ofisina ina yokonzera magalimoto pafupi ndi njanji, ankafuna kundionetsa luso. Dzina lake ndikulisunga kaye, koma akudzidziwa.

Ndi pikapu yakale, yondiposa zaka. Tikuthawira ku Malawi nthawi ya nkhondo, bambo anaibisa m'chigafa cha fodya ku Ngauma n'kuikwirira ndi udzu. Titabwerera tinaipeza, tinaidzutsa, ndipo mpaka sabata yatha imanyamula chimanga ku Mandimba. Bambo akalamba, ndiye anati ndiilembetse m'dzina langa. Vuto linali limodzi: kachitsulo kolembedwa nambala ya shasi kanadyedwa ndi dzimbiri, manambala awiri omaliza akuoneka mwa apo ndi apo.

Lolemba 7:40 m'mawa ndinafika pa ofisinapo. Ndinanena momveka, kawiri: pukutani ndi mafuta ndi kaburashi kofewa, osazula, osapala. Mesitiri anandiseka, amvekere zitsulo za sitima wazigwira zaka zambiri, kachitsulo aka n'chiyani. Anati ndikamwe tiyi.

Ndinabwerera 10:15. Abale anga! Kachitsulo kaja kakunyezimira ngati supuni yatsopano! Anakazula, kukaviika m'madzi a batire, kukapala ndi makina, n'kukakhomanso ndi misomali yatsopano. Manambala awiri aja anawadinda yekha ndi nyundo, akukopera pa livireti, kabuku ka galimoto komwe ndinasiya pampando.

"Mwachita chiyani, a mesitiri?"

"Ndakuthandizani, patarawu, bwana wanga. Panopa ngakhale wakhungu awerenga."

Wakhungu awerenga! Ndani anakutumani?

Ndinapitabe kopimitsa magalimoto, poti tsiku langa linali lomwelo. Mayi woyeza anawerama, n'kukhudza misomaliyo ndi chala, osawerenga n'komwe nambala. Anandifunsa kuti galimoto yazaka zonsezi misomali yadzulo yaitenga kuti. Anati manambala awiriwa ndi odinda pamanja, ndipo umu ndi momwe amachitira odutsitsa magalimoto akuba pamalire. Ndinafotokoza, ndinalumbira, ndinaonetsa livireti la bambo. Anangoti lamulo silimulola kutseka maso. Mayiyo sindikumuda, ntchito yake anaigwira. Pofika 14:00 makiyi anali m'manja mwa apolisi, ine ndikukwera basi yobwerera ku Mandimba ngati mlendo.

Apolisi anandiuza chinthu chimodzi: amene anakhudza kachitsuloko abwere adzanene ndi pakamwa pake, asayine papepala. Apo ayi, galimoto sidzatuluka, ndipo mlandu ukhala wanga.

Lachiwiri ndinabwerera pa ofisina. Akuti mesitiri wapita kumaliro. Lachitatu ndinamupeza ali pansi pa thirakitala, wamoyo ndithu, akuimba mluzu. Anandiuza kuti iye nkhani za apolisi salowamo. Anati kachitsulo ndinabwera nako kali choncho. Choncho bwanji? Nyundo ija inadzimenya yokha? Atawona kuti ndakwiya anawonjezera kuti chigalimoto chakalamba kale, ndingogula njinga yamoto.

Mtima ukundiwawa, ndipo ndikuopa. Galimotoyi inapulumuka nkhondo, chiswe ndi mvula ya zaka zonse zija, lero ithere pabwalo la polisi chifukwa cha munthu wosamva? Bambo ndawanamiza kuti ikudikira mapepala. Mawa ndiwanamiza chiyani?

A mesitiri, Lolemba likubwerali 8:00 ndidzakhala pakhomo la polisi. Bwerani ndi nyundo yanu ija mudzafotokoze. Mukapanda kubwera, dzina lanu ndi chithunzi cha ofisina yanu ndiziika patsamba pompano.

Nanunso a magalimoto akale, kuyambira Mitande mpaka Massangulo: kachitsulo kanu kakachita dzimbiri, pitani nako kopimitsa kali kadzimbiri komweko, akakuuzeni okha chochita. Ine dzimbiri ndakhala nalo zaka makumi atatu, silinanditchulepo wakuba.