Chubu Chimene Anauzira a Yotamu

Ndikukumbukira kuti kwathu ku Kaseye chubu cha njinga sichinkafa kamodzi. Chikatopa ndi zigamba tinkachidula zingwe zomangira matumba pakaliyala, zotsala anyamata n'kupangira malegeni, tizidutswa n'kusungira kumata chubu chinzake. Katswiri wa ntchito imeneyi pabanja pathu anali a Yotamu, mng'ono wa bambo anga. Ankakhala pakhonde ndi beseni la madzi, kumiza chubu mpaka aone pamene pakutuluka tithovu, kukwecha malowo ndi mwala, kupaka solushoni ndi chala, kenako kudikira. Ukawafulumiza ankati guluu ali ngati mkazi, safuna kum'thamangira. Akazi awo, a Nalungwe, ankangowayang'ana ndi diso la m'mbali.

Pampu yawo inaonongeka kalekale, ndipo yobwereka sankaifuna. Akamata chubu ankachotsa kavalavu, kuika pakamwa, n'kuuzira mpaka masaya kutupa ngati a chule. Chikafufuma ankabwezera kavalavuko msangamsanga n'kuchikoleka pamsomali kuti aone ngati chigamba chagwira. Ife ana tinkaseka mpaka kugubuduka.

A Yotamu anadwala sabata yosakwana n'kumwalira. Maliro atatha abale anagawana katundu wa malemu, njinga inapita kwa mkulu wina wa ku Lufita. Chubu chimene anamata komaliza palibe anachilabadira. Chinatsala pamsomali m'chipinda chochezera, chofufuma bwinobwino, mpweya wa mwini wake uli momwemo.

Ndine ndinkatumidwa kukasiya ndiwo kwa a Nalungwe, ndipo ntchitoyi ndinkadana nayo. Nyumba ija inali ya mdima ngakhale masana, fungo la mphira ndi solushoni lili phaa. Mphepo ya ku Chitipa, ija yonyamula fumbi mpaka m'mano, ikalowa pansi pa denga chubu chinkagwedezeka n'kumakhuza khoma, khwe, khwe, ngati munthu akukoka nkhwayira. Tsiku lina ndinawapeza mayiwo ataima pafupi nacho, akuchisisita ndi kunja kwa dzanja, akuchiuza kuti mbuzi yabereka awiri. Atandiona sanachite manyazi. Anangoti, “Wawapatsa moni adada ako?” Ndinagwada n'kupereka moni ku chubu cha njinga.

Mayi anga ankati ndi chisoni chabe, chidzatha. Koma nawonso akamadutsa pakhomo paja ankatsitsa mawu. Chubucho chinkaphwa pang'onopang'ono, monga zimachitira zonse, ndipo a Nalungwe ankadandaula kuti amuna awo akuonda.

Nyengo yotentha itafika, mng'ono wanga Tupokiwe, yemwe anali asanasiye kuyamwa, anagwidwa ndi malungo. M'mawa analira, pofika masana anasiya. Maso anatembenuka, thupi lili lende, mutu ukugwera kumbuyo. Bambo anatulutsa njinga kuti athamangire naye kuchipatala, koma atangopopa tayala lakumbuyo, phuu! Chubu chinang'ambika m'litali, malo oti chigamba sichingakwane. Solushoni wathu anali atauma gwa. Linali tsiku la msika, njinga zonse za m'mudzi zinali zitapita. Kuyenda wapansi ndi dzuwa lija kunali kukafika ndi mtembo.

Bambo anaima kanthawi, akuyang'ana nyumba ya mng'ono wawo. Kenako ananyamuka, mayi pambuyo ndi mwana m'manja, ine pambuyo pa mayi.

“Mulamu, chonde,” anatero bambo atagwada pakhomo. Munthu wamkulu ngati uja sindinamuonepo atagwadira mkazi. “Mwana akupita uyu. Tipatseni chubu.”

“Yayi,” anayankha a Nalungwe. “Njinga munatenga, jekete munatenga, ngakhale beseni. Ichi munachisiya nokha. Lero mukuti nimufumye mwanalume wane pawalo?”

Ankatanthauza kuti tikufuna atulutse amuna awo panja. Tonse tinkadziwa kuti chubu sichilowa m'tayala chili ndi mpweya. Mphepo inali italeka, kunja kuli zii, nkhuku zomwe osamveka. Koma chubu chija chinali kugwedezeka pamsomali. Ndanena izi kwa anthu ophunzira, onse amati panali kamphepo kamene sindinakamve. Mwina. Ine ndinaona nsalu yotchinga kuchipinda itaima njii.

A Nalungwe anachiyang'ana nthawi yaitali, ngati akumvetsera. Kenako anachitsitsa okha ndi manja awiri, anakhala pansi pafupi ndi mayi, n'kuyamba kumasula kavalavu. Ndinaganiza kuti alozetsa kunkhope kwawo. Analozetsa kwa Tupokiwe.

Mpweya unatuluka mosathamanga, fuuu, ngati munthu wotula katundu atayenda ulendo wautali. Titsitsi ta pamphumi pa mwana tinagwedezeka. Fungo la mphira linadzaza nyumba, ndipo mkati mwake ndinamva fodya wa a Yotamu, uja wopichira m'chikoko cha chimanga. Mwana anakwinya nkhope, anayetsemula, kenako analira kakulira kosasa. Mayi anafuula dzina la Yesu. Ine mkodzo unali utatsika kale m'miyendo.

A Nalungwe anafinya chubu kuyambira kumapeto mpaka chinatsala chopyapyala ngati lamba, n'kupereka kwa bambo osawayang'ana. Bambo anachilowetsa m'tayala n'kupopa, ndipo chigamba cha malemu chinagwira njira yonse. Kuchipatala anam'baya Tupokiwe jekeseni n'kumuika madzi, ndipo ndikudziwa kuti chinam'chiritsa ndi chimenecho. Zinazo sinditsutsana ndi munthu.

Masiku ano mwana akadwala ku Kaseye umangoimba foni, wakabaza wa njinga yamoto n'kufika. Machubu amagulitsa pagolosale iliyonse, ndipo chikaphulika ana a lero amataya kudzala osaganiza kawiri. Ndi bwino choncho, sindifuna kuti wina adzagwadenso ngati mmene bambo anagwadira. Tupokiwe ndi mayi wa ana ake tsopano, wonenepa, wolongolola, ndipo nkhaniyi akaimva amaseka. Iye sanaone zimene zinachitika atatuluka m'chipatala.

Bambo anagula chubu chatsopano ku Boma, chija anachichotsa, kuchitsuka, kuchipopa ndi pampu mpaka chinafufuma kuposa kale, n'kupita nacho kwa mlamu wawo ndi nkhuku yothokoza. A Nalungwe analandira nkhuku. Chubu anachigwira kamodzi kokha, n'kuchibweza.

“Kamangireni nkhuni,” anatero. “Mulije munthu umu.”