Chaka Chimene Denga Linkachita Thukuta

Ndimakumbukira mpukutu wa pulasitiki wobiriwira umene unatsamira kuseri kwa chitseko chathu ku Loughborough, kudziko la Angerezi, ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi. Unali wautali kuposa ine. Anabwera nawo ndi amalume, mlongo wawo wa amayi, kuchokera ku Corby kumene ankalongedza makatoni m'weyahausi.

Chaka chimenecho, kuzizira kutangoyamba, siling'i ya kuchipinda kwanga inamera nkhungu yakuda. Amayi ankaipukuta akaweruka kuchipatala, koma pakatha sabata inkabwereranso. M'chipindamo munkanunkha ngati thaulo loiwalika m'chikwama. Mphumu yanga inakula, mpaka aphunzitsi analemba kalata yofunsa chifukwa chimene ndinkajombera. Amayi, namwino wosamala ana a eni, anaiwerenga ali chiimire. Tsiku lomwelo anaimbira amalume.

Amalumewo anakwera kulofti, kampata ka pakati pa siling'i ndi denga, n'kutsika ndi thonje lachikasu lija amayala kuti nyumba izisunga kutentha. Atalifinya, madzi anayenderera m'zala.

"Denga likudontha, achimwene?" anafunsa amayi.

"Ayi, achemwali. Madzi awa ndi anu omwe."

Anandiitanira pawindo, n'kuuzira mpweya pagalasi mpaka linachita mame. Anati nthunzi ya kubafa, ya m'mapoto, ya zovala zoyanika pa rediyeta yotenthetsa m'nyumba, yonse imakwera, ndipo ikakumana ndi denga lozizira imasanduka madzi. Ndinayankha m'Chingerezi, monga mwa nthawi zonse. Iwo anapitiriza m'Chichewa.

Anabwera Loweruka kasanu. Anachotsa thonje lonyowa lonse, n'kudikira kuti matabwa aume. Anapeza kuti paipi yotulutsa nthunzi kubafa inkathera m'lofti momwemo, ndiye anailumikiza mpaka kunja. Kenako anayala pulasitiki pamwamba pa siling'i penipeni, kumbali yofunda, kuti nthunzi isamadutse, thonje latsopano n'kubwera pamwamba pake. Polumikiza paliponse ankamata tepi, ngakhale pamene padutsa kawaya kamodzi. Chifukwa cha chifuwa sankandilola kukwera. Ndinkangomva mawondo awo akukwawa pamwamba panga, tepi ikulira kuti *kwee*, iwo akuimba mluzu. Akamatsika, mikono inkakhala itatupa ndi kuyabwa chifukwa cha thonjelo.

Amayi ataona kuti m'mphepete mwa denga asiya mipata yolowa mphepo, anakwiya. "Kuzizira konseku, inu mukusiya mabowo?"

"Pansi titseke, koma pamwamba pazipuma," anatero amalume, ndipo sanagonje. Lero ndimadziwa kuti kutsutsa mlongo wako wotopa, m'nyumba yake, pamafunika munthu wodziwa chimene akuchita.

Pofika Januwale siling'i inali ikadali mbee. Teremu imeneyo sindinajombe ngakhale tsiku limodzi.

Komabe ine ndinkadandaula kuti amalume ndi ochedwa, kuti amayeza chinthu chimodzi katatu, kuti akutidyera Loweruka lathu. Ndinkadabwanso kuti munthu angaimbe bwanji mluzu m'fumbi ngati lija. Amayi anadzandiuza ndili wamkulu kuti kumudzi amalume ankaphunzitsa zomangamanga pa sukulu ya ntchito zamanja, ndipo nyumba zomangidwa ndi ophunzira awo zilipobe ku Zomba. Chibwerere kuno, kwa zaka zisanu ndi zitatu, palibe amene anawafunsapo zimene ankadziwa. Ankangowafunsa kuti anganyamule makatoni angati.