Khanda Lolemera Ngati Thumba la Chimanga

Ana inu amene mwangoti ndwii poti mayeso anakugwetsani, senderani kuno mumve za Hanifa wa ku Kawale. Ine sukulu ndinaithawa isanandizolowere, koma nkhani ndimasunga.

Hanifa analephera Fomu 4 kawiri. Kachiwiriko analira mpaka nkhuku za aneba zinasamuka. Bambo ake anali atamwalira, mayi ake akudwaladwala, ndiye mu 2002 anapeza ganyu yosesa pamalo ena a intaneti m'tauni.

Akamaliza kusesa ankaima kumbuyo kwa makasitomala, khosi atalisolola ngati nkhanga. Mwini malo atatopa naye anamupatsa kompyuta yakale yolira ngati chigayo. Anaphunzirira pomwepo. Analembanso mayeso n'kukhoza, kenako anayamba sukulu yamadzulo yopanga mapulogalamu, malangizo aja amene kompyuta imatsatira. Ankapita wapansi mpaka masilipasi anabooka kuchidendene.

Patapita zaka, a Kizito, eni kakampani kena ku Area 25, anamulemba ntchito. Yoyamba inali pulogalamu ya chipatala china cha ana: mwana akakwera pasikelo, kompyuta iziona kulemera kwake n'kunena mlingo wa mankhwala. Hanifa anaipanga, anaiyesa muofesi, zonse myaa. Mwambo woipereka unali Lachisanu. Zakumwa anagula kale, suti ya a Kizito ili kochapitsa.

Lachinayi anapita kuchipatalako kukangoonerera. Mwana wina ankakana sikelo, akuphiriphitha ngati walumidwa ndi linthumbu. Namwino sanavutike. Anauza mayiyo kuti akwere ali chiberekere, kenako akwerenso yekha, iye n'kuchotsera pamtima. Ankatero tsiku lililonse.

Hanifa analiona vuto pomwepo. Kompyuta yake sinkadziwa zobereka. Ikanatenga mayi, mwana ndi chitenje chomwe, n'kuti zonsezo ndi khanda.

Anauza a Kizito kuti mwambo uime. Iwo anati alendo aitanidwa kale, zokonza adzaona pambuyo, ndipo ngati walisowa tsache angonena. Hanifa anaganiza za mayi ake odwala aja. Kenako anatuluka n'kukaitana a Zipora ogulitsa zitumbuwa pageti, mayi wa thupi lake, mdzukulu ali kumsana. Anawakweza pasikelo ya muofesimo. Kompyuta, yopanda manyazi, inalemba mankhwala oti ngakhale ng'ombe singadzukenso.

"Bwana, cholakwa ndi changa, ndichikonza," anatero Hanifa. "Koma mawa chinthuchi sichiyandikira mwana wa munthu. Ngati n'kundichotsa, ndichotseni."

A Kizito anayang'anitsitsa khandalo, lomwe linkangoyamwa chala osadziwa kanthu.

"Aimbire alendowo," anatero motsitsa mawu. "Zakumwazo timwa tokha."

A Zipora potsika anachenjeza kuti makinawo asayerekeze kuulula zaka zawo.

Hanifa anaiphunzitsa kompyuta kukana. Kulemera kukasemphana ndi msinkhu wa mwana, imaima n'kumalira mpaka namwino ayezenso. Anaiyesa ndi amayi obereka, anaithimitsira magetsi ntchito ili pakati, anaizunza mpaka inasiya kunama. Ntchito sanamuchotse. Lero a Kizito satulutsa chilichonse Hanifa asanachizunze.

Tsono pukutani mamina, mtimawo musautaye. Ndipo mukadzakwera pantchito, mudzalimbe mtima n'kuimitsa phwando lanu lomwe chifukwa cha mwana amene simukumudziwa n'dzina lomwe.