Mfuti Yotayira Kumanzere

Ndikawakumbukira a Chisale, chimene chimayamba kundifikira ndi fungo la mafuta opukutira mfuti, losakanikirana ndi utsi wa malasha umene unkatsika m'machumuni a ku Clondalkin, dera la ku Dublin, nyengo yozizira n'kudzakhazikika m'kashedi kawo kuseri kwa nyumba. Nyumba yathu ndi yawo zinali zogundana khoma, moti tinkawamva akamatsokomola m'mawa, akamakoka bini yawo ya zinyalala pamsewu, ndiponso akamaimba nyimbo za kwaya mosokoneza mawu pochokera kuntchito kunyumba yosamalira okalamba. Kumudzi anagwira ntchito yolondera nyama m'nkhalango ya boma kwa zaka zambiri, ndipo atakhazikika ku Dublin analowa kalabu yoombera chandamale kunja kwa mzinda. Sanali agogo anga enieni, koma ndinkawatcha agogo ndipo iwo ankavomera.

Ine ndinabadwa wamanzere, ndipo kwathu imeneyi inali nkhani yaikulu. Bambo anga ndi munthu wabwino, koma akagwira mfundo sataya. Ankakonda kunena kuti, "Kunjaku ndi Ireland, m'nyumba muno ndi Malawi." Ndikatola supuni ndi manzere ankangogogoda patebulo ndi chala, ine n'kusintha msanga. Kusukulu aphunzitsi analibe nazo ntchito, choncho m'kalasi ndinkalemba ndi manzere, kunyumba ndi manja. Zilembo zanga zinali ziwiri, mpaka mphunzitsi wina anandifunsa kuti amandilembera homuweki ndani.

A Chisale anazindikira ndili ndi zaka zisanu ndi zinayi. Anandiponyera lalanje kudutsa mpanda, ine ndinaliwakha ndi manzere, kenako ndinalisamutsira kumanja uku ndikuyang'ana pazenera lathu.

"Lalanje lagwidwa kale, Tadala," anatero. "Ukulisamutsiranji?"

Ndinayankha m'Chingerezi, monga ndinkachitira masiku amenewo, kuti bambo sakondwera. Iwo anangogwedeza mutu n'kubwerera m'kashedi.

Nditakwanitsa zaka khumi ndi zinayi anapempha makolo anga kuti azinditenga kukalabu Loweruka lililonse. Mayi anaopa, koma ataona kuti pali pepala lochokera kupolisi, ndiponso kuti mfuti imagona m'bokosi lachitsulo lokhomeredwa kukhoma, analola. Mwezi woyamba sindinaombe n'kamodzi komwe. Ndinkasesa makoko a zipolopolo, kupukuta mpope wa mfuti ndi kansalu, ndi kubwereza malamulo mpaka kutopa: mlomo wa mfuti uyang'ane kuchandamale nthawi zonse, chala chisafike pathiriga, kachitsulo kokoka poomba, usanakonzeke. Ndikadandaula ankati, "Kuona maso a nkhono n'kudekha." Tsiku limene anandilola kuomba, anayamba andiuza kuti ndipange kabowo ndi manja anga awiri, ndiyang'anire mtengo wina patali, kenako nditsinzine diso limodzi limodzi. Mtengo unatsala m'diso lamanzere.

"Diso lamanzere, dzanja lamanzere," anatero. "Ndiye ife tikangane ndi Mulungu?"

Kuyambira pamenepo mfuti ndinkaiika paphewa lamanzere, ndipo kwa zaka ziwiri bambo sanadziwe. Sitinawanamize ayi. Sanafunse, ife sitinanene.

Vuto linabwera nditakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, pamene ndinali woyenera kupempha laisensi yangayanga. Mfuti ya a Chisale inali yokoka ndi dzanja ukaomba kamodzi kalikonse, pamene mpikisano umene ndinkausirira unali wothamangitsana ndi nthawi. Ndinkafuna semi, mfuti ya zipolopolo zing'onozing'ono imene ukaomba imataya yokha khoko n'kulonga chipolopolo china. Pafomu ya kalabu pankafunika dzina la kholo ndi la wondiyang'anira. Bambo, atamva kuti mwana wawo akusankha mfuti, anavala jekete yakutchalitchi n'kunena kuti sangasaine chinthu chimene sanaone ndi maso. M'galimoto ulendo wonse ndinkangoganiza kuti akandiona ndikuomba ndi manzere cholembera chibwerera m'thumba.

Titafika kukalabu, wogulitsa mfuti, mzungu wa ndevu zaimvi amene analinso membala wa kalabu, anabweretsa zitatu kuti ndiyese. Maso anga anagwera pa yakuda yonyezimira, yatsopano. Bambo nawo anaikonda. "Imeneyo ndiye mfuti," anatero, ngakhale anali asanagwirepo mfuti chibadwire. Ndinavala zotseka m'makutu ndi magalasi, ndipo poopa maso awo kumsana kwanga, ndinaiika paphewa lamanja. Zipolopolo khumi zinamwazikana papepala ngati chimanga chothirira nkhuku. Ziwiri sizinapezeke n'komwe.

"Zaka ziwiri zonsezi, ndi zimenezi?" anafunsa bambo.

A Chisale anayandikira n'kukweza chotsekera khutu langa pang'ono. "Waomba ngati mlendo. Ika paphewa lako."

"But agogo, Dad is watching."

"Ndawaona. Ika paphewa lako."

Ndinasintha. Mfuti inakhazikika, mpweya unatsika, ndipo zipolopolo zinayi zoyamba zinalowa pamodzi pakati. Koma mfuti imeneyi inkatayira makoko kumanja, kutanthauza kuti kwa ine ankadutsa pamaso penipeni. Lachisanu linagunda kachipupa kapambali, n'kubwerera kudzalowa m'kolala ya malaya anga, likutentha. Ndimanyadira mpaka lero zimene ndinachita. Ndinachotsa chala pathiriga, mlomo wa mfuti sunasunthe kuchoka kuchandamale, ndinachotsa zipolopolo, ndinaiika pansi bwinobwino, kenako ndiye ndinakuwa.

Bambo anali atafika kale pambali panga, nkhope itasintha. "Mwaona, a Chisale? Ngakhale mfuti ikukana manzere. Ine ndinakupatsani mwana kuti mumuphunzitse, inu mukukamasula zimene ndinamanga?"

A Chisale anabwera pafupi nane. Anayamba ayang'ana pakhosi panga, n'kupempha madzi ozizira. Kenako anatola mfuti yachitatu, imene ine sindinaiyang'ane n'kawiri komwe: yakale, thako lake lathabwa lokandikakandika, yosiyidwa ndi membala wina wamanzere amene anakalamba. Anaonetsa bambo kabowo kotulukira makoko, kamene kanali mbali inayo.

"Bambo a Tadala, mfuti sinakane mwana. Yakudayo inapangidwira munthu wina, yake ndi iyi. Posankha mfuti yoyamba sitiyang'ana kunyezimira. Timayang'ana ngati ikukhala paphewa, ngati tsaya likufika bwino, ndi kumene ikutayira makoko."

"Koma mwambo wathu mukuudziwa."

"Ndikuudziwa kuposa inu," anatero mofatsa. "Ine dzanja lamanzere ili anandimanga ndi luzi ndili sitandade wani. Ku training ya ulonda wa nyama anandikakamiza phewa lamanja. Zaka zonse m'nkhalango muja ndinali munthu woomba pafupi ndi chinthu, osati pachinthu. Njati itavulala n'kuthamangira mnzanga, ndinaiphonya kawiri. Anapulumuka chifukwa cha mtengo, osati chifukwa cha ine. Kulonjera alonjere ndi manja, kulandira alandire ndi manja awiri, ulemu umenewo ndi wathu. Koma pamene pakufunika kuti asalakwitse, musiyeni agwiritse dzanja limene anabadwa nalo."

Nkhani ya njati ndinali ndisanaimvepo. Ndinawayang'ana, munthu amene ndinkamuona ngati katswiri wa akatswiri, ndipo ndinawamvera chisoni ndi kuwakonda nthawi imodzi.

Anandipatsa mfuti yakaleyo. Ndinatsinzina, ndinaikweza paphewa, ndipo nditatsegula maso chandamale chinali kale pamalo ake. Makoko ankagwera kumanzere, kutali ndi nkhope, akulira ngati timabelu pasimenti. Pepala litabwera, mabowo khumi onse anali pamalo amene chala chachikulu cha bambo chinawaphimba. Ndikudziwa chifukwa anayesadi, kawiri.

Wogulitsa uja anayala fomu patebulo. A Chisale anatola cholembera ndi manja, monga ndinkawaonera nthawi zonse, anaima pang'ono, kenako anachisamutsira kumanzere pamaso pa bambo. Dzina lawo linatuluka lokhota, lonjenjemera, ngati la mwana woyamba sukulu. Anali ndi zaka zoposa makumi asanu ndi limodzi, ndipo anati aka kanali koyamba kulemba ndi dzanja limenelo chiwamangireni luzi.

Bambo anayang'ana dzinalo nthawi yaitali. Anasaina pansi pake, anapinda pepala la chandamale n'kuliika m'thumba la jekete. M'galimoto anangofunsa ngati pakhosi pakupwetekabe. Lamulungu lotsatira ndinawapeza kunja kwa tchalitchi akuonetsa pepala lija kwa anzawo, akunena kuti mwana wawo amaomba ndi manzere ndipo saphonya.

Laisensi inatenga miyezi kuti ituluke, ndipo apolisi anabwera kudzaona bokosi lachitsulo kwathu. Mfuti imeneyo ndidakali nayo. Ndapambana nayo mipikisano ingapo ya kalabu, ndipo anzanga akamandinena kuti ndigule yatsopano ndimangoseka. A Chisale anabwerera kumudzi atapuma pantchito, ndipo anamwalira zaka zitatu zapitazo. Makalata onse amene ananditumizira anali olembedwa ndi manzere, ndipo chaka ndi chaka zilembo zinkawongoka.

Pakhosi panga pali kachipsera kakang'ono, ndipo ndikalonjera akuluakulu ndimaperekabe dzanja lamanja. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka zitatu tsopano, ndipo watengera ine. Sabata yatha tinakadya kwa bambo ku Clondalkin. Ndinawaona akuyala patebulo, anaika supuni ya mdzukulu wawo kumanja kwa mbale, anaima pang'ono, kenako anaisamutsira kumanzere. Ndinatembenukira kuzenera, kuyang'ana kashedi ka a Chisale kuseri kwa mpanda, kuti asaone kuti ndikulira.